Mkazi wogona chotsamira chigongono: njira za Maillol, Matisse, Moore ndi Giacometti

Munthu akaimirira, thupi lake lonse limalemera pa akakolo awiri. Kwa wosema miyala, vuto lagona pamenepo. Mwala umapirira ukamapsinjidwa, koma ukausema mpaka kuonda ngati kakolo, umathyoka. N'chifukwa chake ziboliboli zambiri zakale za ku Rome zimakhala ndi kachitsa ka mtengo pafupi ndi mwendo, kongoikidwa kuti kachirikize. Munthu wokhala pansi naye amafuna mpando, ndipo wosema amataya nthawi kusema mpandowo. Koma wogona safuna kanthu, pansi pomwepo pamukwanira. Henry Moore, wosema wa ku England, ankanena zimenezi poyera, kuti mwa kaimidwe katatu ka thupi, kuima, kukhala ndi kugona, kugona ndiko kumamupatsa wosema ufulu wochuluka.

Ufulu umenewu osema a m'zaka za m'ma 1900 anaugwiritsa ntchito mosiyana kwambiri. Onse anayambira pa chinthu chimodzi, mkazi wogona, koma ukaika ntchito zawo pamodzi sungakhulupirire kuti mutu wake ndi umodzi. Ine ndikamaziyerekeza sindiyamba ndi kukongola. Ndimayang'ana kaye pamene thupi likulemera: pa chigongono, pa chiuno kapena pa msana. Kenaka ndimafunsa ngati mkaziyo wagona mwa kufuna kwake kapena wagonekedwa kuti anthu amuone.

Chimene onsewa ankachithawa chili ku Galleria Borghese mumzinda wa Rome. Pakati pa 1805 ndi 1808, Antonio Canova anasema Pauline Bonaparte, mlongo wake wa Napoleon, atagona cham'mbali pa bedi, chipatso chili m'manja. Mwala woyera wa mabo anausalaza mpaka kuoneka ngati khungu, ndipo matiresi akewo akuchita kuoneka kuti abonyoka pamene pali chiuno. Pansi pake panaikidwa makina otembenuza chiboliboli chonsecho kuti alendo achione mbali zonse. Luso lake palibe angalitsutse. Koma cholinga chake n'chimodzi chokha: mkazi uyu alipo kuti maso a ena adyerere.

Maillol: thupi lodzaza, nkhope yachete

Aristide Maillol anabadwa mu 1861 ku Banyuls-sur-Mer, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa France. Anayamba ndi kujambula ndi kuluka nsalu zapakhoma, ndipo analowa m'zoumba ndi zosema ali ndi zaka pafupifupi 40, maso atayamba kumuvuta pa ntchito yolukayo. Nthawi imeneyo aliyense ankatsatira Auguste Rodin, amene ziboliboli zake zinali zodzaza ndi mitsempha, makwinya ndi kubuula. Maillol anachita zosiyana. Anachotsa makwinya, anachotsa nkhani, n'kusiya thupi lonenepa bwino, losalala, lokhazikika ngati mtsuko wodzaza madzi.

Chitsanzo chofatsa ndi chipilala chokumbukira wojambula zithunzi Paul Cézanne, chimene anachiyamba mu 1912 n'kuchimaliza mu 1925. Ndi mkazi wogona chotsamira, nsalu itafunda miyendo, dzanja litatambasula kanthambi. Mzinda wa Aix-en-Provence, kwawo kwa Cézanne, unachikana. Lero mungachione ku Paris. N'chokongola, koma kunena zoona sichipita patali kwenikweni ndi zakale. Ndi Canova wochotsedwa bedi ndi zokometsera.

Maillol amene amandigwira mtima ndi wa kuukalamba. Mu 1938 mzinda wa Toulouse unamupempha chipilala chokumbukira oyendetsa ndege amene anafa pa ntchito, ndipo anapanga L'Air, kutanthauza mpweya. Mkazi wamkulu ndithu, koma akukhudza pansi ndi chiuno chimodzi chokha. Miyendo ili m'malere, mapewa ali m'malere, dzanja latambasuka. Chinthu cholemera chotero n'kumaoneka ngati chikuyandama, ndiye luso limenelo.

Kenaka pali La Rivière, mtsinje, chimene anachigwirira ntchito kuyambira 1938 mpaka 1943, chaka chimodzi asanamwalire pa ngozi ya galimoto. Chinayamba ngati chipilala cha Henri Barbusse, mlembi amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kukhala wodana ndi nkhondo moyo wake wonse. Maganizo oyamba anali a mkazi wobayidwa, akugwa. Chipilalacho sichinatheke, koma Maillol sanachitaye chithunzicho, anachisandutsa mtsinje. Mukachiona m'munda wa Museum of Modern Art ku New York, mkaziyo ali m'mphepete mwenimweni mwa mwala umene wagonapo, thupi lapendekeka, mutu walendewera pansi pafupi ndi madzi, mwendo umodzi wakankha m'mwamba, zikhatho zatambasuka ngati akutchinga chinthu. Akusewera ndi madzi kapena akukokoloka? Ukayang'ana miyendo umati akusewera. Ukayang'ana zala umaona mantha. Anachipanga ndi mtovu, chitsulo chotuwa chosanyezimira, ndipo kutuwa kumeneku kumachititsa thupi kuoneka lozizira ngati latuluka kumene m'madzi.

Amene ankamuimira pa ntchito zomalizazi anali Dina Vierny, amene anakumana naye mu 1934 ali mtsikana wa zaka 15. Ndi iyeyo amene mu 1964 anapereka ziboliboli za Maillol ku boma la France kuti ziikidwe panja m'munda wa Tuileries. Choncho wofuna kuona Maillol wambiri malo amodzi, osalipira khomo, apite kumeneko.

Njira ya Maillol ndi yabwino kwa munthu amene akufuna kuphunzira thupi lathunthu, mmene ntchafu imalumikizirana ndi chiuno, mmene mimba imagwera munthu akagona cham'mbali. Kufooka kwake ndi nkhope. Akazi ake onse amaoneka ngati apachibale, ndipo palibe amene angakuuzeni zimene akuganiza.

Matisse: kanthu kakang'ono kopotoka

Henri Matisse amadziwika ndi utoto, koma ankaumbanso dongo, makamaka akafuna kumvetsa chinthu chimene chamukanika pa chinsalu. Mu 1907 ali ku Collioure, kum'mwera kwa France, anaumba mkazi wogona amene amatchedwa Nu couché I kapena Aurore. Kutalika kwake ndi pafupifupi theka la mita, kanthu koti mungakaike pa tebulo. Akuumba, dongolo linagwa n'kuonongeka, ndipo pokhumudwa anatenga utoto n'kujambula kagonedwe komweko. Chithunzi chimenecho, Nu bleu, chili ku Baltimore, ndipo chinakwiyitsa anthu kwambiri moti mu 1913 ophunzira ena ku Chicago anatentha chofanizira chake. Dongo lija anadzalikonzanso.

Apa palibe mpumulo. Mkono umodzi watsamira pansi, wina wapindikira kumbuyo kwa mutu, chigongono chaloza kumwamba. Chiuno chatukuka kuposa mmene thupi la munthu lingathere, ndipo bondo lapita kutsogolo kudutsa mwendo unzake. Chifuwa chayang'ana kwina, chiuno kwina, ngati nsalu yochapa imene ukuifinya. Mukayesa kugona chotero pa mphasa, msana udzakuwawani mphindi imodzi isanathe. Zidindo za zala zake pa dongo sanazifafanize, ndipo zinatsalira mpaka mu mkuwa.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1906, Matisse anali atagula kachiboliboli kamtengo ka anthu a mtundu wa Vili a ku Congo m'sitolo ina ya ku Paris. Chimene chinamukopa n'chakuti wosema wa ku Africa ankakuza kapena kuchepetsa ziwalo malinga ndi zimene chosemacho chikufuna, osati malinga ndi muyeso wa thupi. Chiuno chotukuka cha Aurore chikuchokera ku ufulu woterewu. Anabwereranso ku mutu womwewu mu 1927 ndi 1929, nthawi iliyonse akuchotsako zina.

Pa funso lija la kugona mwa kufuna kapena kugonekedwa, Matisse ali pafupi ndi Canova kuposa mmene ambiri amavomerezera. Mkono wokwezedwa kumbuyo kwa mutu ndi kaimidwe kodzionetsa, ka mkazi amene wauzidwa kuti akhale chotero. Chatsopano ndi mphamvu imene ili m'thupimo. Amene amaumba dongo ayambire pano, chifukwa ntchito yake ndi yaing'ono, siifuna ndalama zambiri, ndipo imaphunzitsa kuti kupotoza pang'ono kumadzutsa chinthu chimene chinali chakufa.

Moore: mkazi amene sanagone tulo

Henry Moore, mwana wa munthu wokumba malasha ku Castleford m'chigawo cha Yorkshire, anabadwa mu 1898 n'kumwalira mu 1986, ndipo mkazi wogona anamusema mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 50. Chodabwitsa n'chakuti gwero lake silinali mkazi. Chinali chosema cha ku Mexico chotchedwa chacmool, cha ku Chichén Itzá: mwamuna wogona chagada, wotsamira zigongono zonse ziwiri, mawondo ali m'mwamba, mbale ya nsembe ili pamimba, mutu utacheukira kumbali. Moore anachiona m'buku ndiponso chofanizira chake cha pulasitala ku Paris. Chinamugwira chifukwa cha tcheru lake. Chagona, koma chili maso ngati mlonda.

Mu 1929 anasema Reclining Figure imene ili ku Leeds Art Gallery, ndipo kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yofunika kuiona poyamba pa zonse zimene ndatchula pano. Sifika mita imodzi. Anaisema pa mwala wa Hornton, wofiirira, wa mawangamawanga ngati dothi la katondo losakanikirana ndi dzimbiri. Mukaiyandikira mumaona kuti mwalawo sunaiwale kuti unali chibuma cha makona anayi. Ntchafu ndi zazikulu ngati mitanda, mawondo atukuka ngati zitunda ziwiri, zala ndi mizere chabe yolembedwa pamwala. Mkono umodzi wapindikira kumutu, wina wanyamula thupi. Khosi ndi lalifupi, lolimba, ndipo mutu watembenuka kuyang'ana patali, kupyola inu amene mwaima pamenepo. Mkazi uyu sakudziwa n'komwe kuti mulipo. Wamva kanthu, ndipo akumvetsera.

Pamenepa ndi pamene Moore anasiyana ndi onse a m'mbuyo mwake. Kagonedwe kameneka ndi ka mayi amene wapumula pakhonde ntchito itatha, koma khutu lili kwa mwana. Moore mwini ankakumbukira kuti ali mnyamata ankasisita msana wa mayi ake ndi mankhwala chifukwa cha nyamakazi, ndipo anthu ambiri amaona msana waukulu umenewo m'ziboliboli zake. Ine ndimakhulupirira zimenezo. Amene anasema misana imeneyi anaidziwa ndi zikhatho asanaidziwe ndi maso.

Ankasema yekha mwachindunji, tchizulo ndi hamala pamwala. Osema ambiri a m'zaka za m'ma 1800 ankaumba dongo n'kupereka kwa amisiri kuti akopere pamwala. Moore ndi anzake a m'badwo wake, monga Barbara Hepworth, ankati mwala uzioneka kuti ndi mwala, mtengo uzioneka kuti ndi mtengo. Maganizo amenewa sali kutali ndi kwathu kuno. Frank McEwen, mkulu woyamba wa National Gallery ya ku Harare imene inatsegulidwa mu 1957, ankadziwana ndi Moore, ndipo osema a ku Tengenenge, mudzi wa osema ku Zimbabwe komweko, kumene ena mwa oyambirira anali ogwira ntchito m'minda ya fodya ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, nawonso amasema mwachindunji, kulola mwala kuti uwatsogolere.

M'zaka za m'ma 1930 Moore anayamba kuboola. Recumbent Figure ya 1938, ya mwala wa Hornton wobiriwira, ili ndi mphako yaikulu pansi pa mawere, moti mumaona mbali inayo kudzera m'thupi. Anaisemera katswiri wa zomangamanga Serge Chermayeff, kuti ikhale pakhonde la nyumba yake ku Sussex moyang'anizana ndi zitunda zotchedwa South Downs. Bondo linkayankha chitunda, mphako inkalowetsa thambo. Lero ili m'manja mwa Tate, nyumba yosungira zaluso ku London, ndipo m'chipinda cha makoma oyera imataya theka la zimene inabadwira. Ya mtengo wa elm ya 1939, imene ili ku Detroit Institute of Arts, inapita patsogolo kwambiri. Ndi yaitali pafupifupi mamita awiri, yodzaza ndi mapanga, ndipo mizere ya mtengo imazungulira bowo lililonse ngati madzi akuzungulira mwala mumtsinje. Wosema mitengo aliyense ayenera kuiyang'anitsitsa, chifukwa palibe pamene Moore analimbana ndi mizere ya mtengowo. Anaitsatira.

Bowo limachita zinthu ziwiri. Limapeputsa chinthu cholemera, ndiponso limakukakamiza kuzungulira, chifukwa kutsogolo ndi kumbuyo zalumikizana. Chiboliboli cha Canova chinkatembenuzidwa ndi makina. Cha Moore chimakuyendetsa iweyo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasintha zina. Mu 1940 ndi 1941 ankajambula anthu a ku London atagona m'njanje za pansi pa nthaka pothawa mabomba, atafunda mabulangete. Nsalu zimenezo zinadzatulukira mu Draped Reclining Figure ya 1952 mpaka 1953, imene inapangidwira nyumba ya Time-Life ku London: mkazi wotsamira zigongono ziwiri monga chacmool uja, nsalu yamakwinya itamumatirira thupi. Pambuyo pake kunabwera zikuluzikulu. Ya ku likulu la UNESCO ku Paris, ya 1957 mpaka 1958, ndi ya mwala wa travertine wa ku Italy, yaitali mamita asanu. Kuyambira 1959 anayamba kudula thupi pawiri, mutu ndi chifuwa uku, miyendo uko, mpata pakati, ndipo ya ku Lincoln Center ku New York, imene inaikidwa m'dziwe mu 1965, ndi ya mtundu umenewu.

Apa ndiyenera kunena zimene ndimaona. Zambiri mwa zikuluzikulu za mkuwa za m'zaka zake zomaliza sizindigwira ngati zoyambirira zija. Ankaumba kachitsanzo kokwana m'chikhatho, omuthandiza n'kukakuza, kenaka mkuwa n'kuthiridwa m'zikombole, makope angapo nthawi imodzi, opita kutsogolo kwa mabanki ndi masukulu a ukachenjede m'maiko ambiri. Dzanja lake limamveka patali. Ndipo pali funso lina limene sindingalizembe: mkazi akasanduka phiri, kamutu kakachepa mpaka kukhala kansonga kopanda pakamwa, kodi akadali munthu? Wa 1929 uja ali ndi maganizo ake. Ena a pambuyo pake ndi malo chabe okongola. Mu December 2005 akuba anabwera ndi lole ku Perry Green, kumene Moore ankakhala, n'kunyamula Reclining Figure ya mkuwa yolemera matani awiri. Apolisi amakhulupirira kuti inadulidwa n'kusungunulidwa ngati zitsulo zakutha. Zinandipweteka nditamva, ngakhale kuti sinali mwa zimene ndimazikonda koposa.

Giacometti: chimene ena anabisa

Alberto Giacometti, wa ku Switzerland, anapanga Femme égorgée mu 1932, nthawi imene anali m'gulu la Surrealists la André Breton, la aluso amene ankatenga zithunzi zawo ku maloto. Dzinali likutanthauza mkazi wodulidwa pakhosi. Alibe choikapo, amagonekedwa pansi penipeni pamene anthu akuponda, moti ukhoza kumupunthwa. Poyamba umaona ngati nkhanu kapena chinkhanira chopondedwa. Kenaka umazindikira miyendo yotangadza, nthiti zotseguka ngati masamba, msana wopindika, ndi khosi lalitali la timfundotimfundo lokhala ndi kabala kakang'ono pafupi ndi kamutu kotsegula pakamwa. Makope ake a mkuwa ali ku Venice, New York, Paris ndi Edinburgh.

Sindingauze munthu kuti achikonde. N'chankhanza, ndipo pali amene amati Giacometti akusangalala ndi nkhanzazo, makamaka poti thupilo limaonekanso ngati msampha woti ungakugwire mwendo. Mwina akunena zoona. Koma chiboliboli ichi chimaulula chinthu chimene mwambo wonse wa mkazi wogona unkachiphimba ndi nsalu zofewa: munthu wogona pansi alibe chitetezo, ndipo woimirira pamwamba pake ndiye ali ndi mphamvu. Ukachiona kamodzi, Pauline wa Canova sumuonanso chimodzimodzi, ndipo umamvetsa chifukwa chake La Rivière ya Maillol ili ndi mantha m'zala. Kwa wophunzira kusema, si poyambira pabwino. Kwa wophunzira kuona, n'chosalambalalika.

Pali ena amene ndingowatchula. Gaston Lachaise, amene anachoka ku Paris mu 1906 kutsatira Isabel, mkazi amene anadzamukwatira ku America, anaumba thupi lake moyo wake wonse, ndipo Floating Figure ya 1927 ndi thupi lalikulu loyandama pa kansonga kamodzi, mofanana ndi zimene Maillol anadzachita mu L'Air. Henri Laurens anayamba ndi makona a Cubism, njira yoonetsa zinthu ngati zidutswa zamakona, n'kumaliza ndi matupi ofufuma ngati zipatso zakupsa. Onse awiri ndi abwino, koma sasintha funso.

Amene analisintha ndi mkazi. Onse amene ndafotokoza ntchito zawo ndi amuna akuyang'ana thupi la mkazi, ndipo mu 1966 Niki de Saint Phalle, mothandizana ndi Jean Tinguely ndi Per Olof Ultvedt, anamanga Hon m'nyumba ya Moderna Museet ku Stockholm. M'chinenero cha ku Sweden dzinali likutanthauza "iye", ponena za mkazi. Anali mayi woyembekezera wogona chagada, wautali mamita oposa 20, wopakidwa utoto wowala wamitundumitundu, wodzaza chipinda chonse. Panalibe poima n'kumamuyang'ana kuchokera pamwamba, chifukwa aliyense anali wamng'ono kwa iye. Anthu ankafola n'kulowa pa khomo limene linali pakati pa miyendo yake, njira imene tonse tinatulukira. M'katimo munali kachipinda koonetsera kanema, malo otsetserekapo ana, ndipo m'bere limodzi ankagulitsamo mkaka. Chionetserocho chinatha patapita miyezi itatu, ndipo Hon anaphwasulidwa.